Ndinagunda pa Phatikizo Lachitatu

Lolemba, 3 Ogasiti

Sanandithamangitse ku yunivesite. Ndilembe pano, poti pakamwa ndatopa nazo. Alamu, mkazi wa achimwene, akhala akuuza aliyense wa makutu kuti ndinalephera mayeso mpaka akuluakulu a sukulu anandisonyeza chipata. Lero nkhaniyi ndakumana nayo ku saluni, ikuyenda yokha, mwiniwake kulibe. Bodza. Chaka chachitatu, phunziro limodzi lokha anati ndibwereze. Limodzi. Ndikakhale pa benchi imodzi ndi ana amene ine ndinawasonyeza khomo la laibulale. Ndinanyamula chikwama ndekha, ndi manja angawa. Kuthamangitsidwa n'kwina, kuchoka n'kwina.

Zaka khumi ndi zisanu zapita. Ndimagwira ntchito ku shopu ya abwana, kutayipa ndi fotokope. Lero bambo wina wa madigiri awiri wabwera ndi kalata, accommodation walemba ndi m imodzi. Ndakonza mwakachetechete. Wandiitana kuti "mtsikana".

Nkhani yeniyeni ndi ya Mzime. Mng'ono wanga, womaliza m'mimba mwa amayi, timakhala awiri m'nyumba muno. Zaka ziwiri chimalizireni maphunziro a uphunzitsi, ntchito osapezeka. Akugulitsa nsapato, ndipo sitoloyo akuitseka kumapeto kwa mwezi uno. Lero wabwera akuthamanga, kalata m'manja. Sukulu ija ya ana a anthu olemera, ya mpanda wobiriwira, kumene ngakhale mlonda amapereka moni m'Chingerezi. Akufuna mphunzitsi wa masamu. Pa 20 akaphunzitse ana a zaka khumi kwa mphindi makumi awiri, ahedi ndi anthu ena awiri atakhala kumbuyo ndi zolembera.

Masamu amawadziwa kuposa tonse m'banja mwathu. Vuto ndi pakamwa. Ndamuuza awerenge kalatayo mokweza, pofika mzere wachitatu mutu unali ukundiwawa. Matipulikeshoni. Furakishoni.

"Achemwali, mundiwongole lilime," watero.

Ndayankha kuti ndiona. Kenako ndalowa kubafa n'kumamwetulira ndekha ngati chitsiru. Sindikukumbuka tsiku lomaliza limene munthu anandipempha chinthu chochokera m'mutu mwanga, osati m'makina.

Lachitatu, 5 Ogasiti

Tayamba. Mawu khumi ndi awiri ndawasindikiza ku ntchito m'zilembo zikuluzikulu, kuseri kwa mapepala otayidwa, n'kuwadula ndi sizasi, phatikizo lililonse palokha. Tebulo lonse tizidutswa. Mul. Ti. Pli. Ca. Tion.

Ndamufotokozera momwe ndinkafunira kuti wina akanandifotokozera ine. M'Chichewa phatikizo lililonse limathera ku a, e, i, o kapena u. Chitseko chimatsala chotsegula. Chingerezi chimakutsekera chitseko pamphuno: mul, frac, cent. Ife chitseko chotseka sitichikonda, ndiye timakankhirapo ka i kapena ka u kuti mphepo ilowe. Liwu la maphatikizo awiri, frac-tion, n'kusanduka la asanu: fu-ra-ki-sho-ni. Atatu enawo ndi alendo, palibe anawaitana.

Chachiwiri. Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, nthawi zonse, osaganizira n'komwe: su-KUU-lu, ma-SAA-mu, a-che-MWAA-li. Chingerezi sichikhala malo amodzi. Liwu lililonse lili ndi pamene limagunda, maphatikizo enawo amangodutsa chozemba ngati ana ochedwa m'kalasi. Ukagunda polakwika, ngakhale zilembo zonse utchule, wokumverayo akuyang'ana ngati wamufunsa njira.

Ndatenga supuni ya tiyi. Iye anena liwu, ine ndigunda tebulo pamalo pake. Akaphonya, ndigunda kawiri.

Mawu a mchira wa -tion wawagwira msanga, poti amagunda pafupi ndi mchirawo, ngati kwathu komwe: ad-DI-tion, sub-TRAC-tion, mul-ti-pli-CA-tion. Bola asamateko i kumapeto. Wamatako kasanu ndi kawiri. Ndamuuza kuti i ameneyo akamusiye ku sitolo ya nsapato, mwina wina amugula. Waseka. Ine sindinali kuseka.

Loweruka, 8 Ogasiti

Tsiku labwino. Sindikhala nawo ambiri, choncho ndilembe.

M'mawa wonse kulimbana ndi de-NO-mi-na-tor. Iye dinomineeta, ine supuni kawiri. Pe-RI-me-ter, iye perimiita. Di-A-me-ter, chimodzimodzi. Nkhope inayamba kugwa, akuti mawuwa ndi aatali mwadala, kuti amphawi asawatchule.

Pamenepo ndinasiya supuni. Ndinamuuza kuti liwu lalitali lili ngati nyama: mutu, mimba, mchira. Usaliope, ulidule. Peri ndi kuzungulira, meter ndi kuyeza. Kuyeza mozungulira, basi, palibe ufiti. M'mimba mwa denominator muli nomin, ndiye kuti dzina. M'mimba mwa numerator muli numer, kuwerenga. Choncho nambala ya pansi imatchula dzina la zidutswa, ya pamwamba imawerenga kuti zilipo zingati.

Mzime anangoti kukamwa yasa. Zaka zonsezi akuwerengera masamu amenewa, palibe anamuuzapo. Anatenga kope n'kuyamba kujambula buledi wodula pasanu. Akuti phunziro lake aliyambira pamenepo: dzina pansi, kuwerenga pamwamba. Anandiyang'ana momwe ankandiyang'anira ali ndi zaka khumi, ndikabwera ku holide ndi mabuku olemera. Ndinadzuka kukatereka madzi, asaone nkhope yanga.

Masana alamu anabwera ndi jekete yoti Mzime akavale tsikulo. Iwo ndi namwino, dipuloma yawo ili m'felemu pabalaza, pamalo oti aliyense wolowa aigunde ndi maso. Anaona tizidutswa patebulo.

"Kodi aPulofesa atsegula yunivesite yawoyawo?"

Ndinawauza kuti malo alipo, makamaka kalasi ya oyamba kumene. Mzime anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Jeketeyo ndi yabwino. Zimandiwawa kuvomera.

Lachiwiri, 11 Ogasiti

Takangana.

M'kalata muja mutu wa phunziro analemba kuti mental arithmetic, masamu a m'mutu. Liwu limeneli lidzakhala loyamba kutuluka pakamwa pake ana aja akadzakhala pansi, ndipo adzalilemba pa bolodi. Ndinati alinene. Iye: a-RITH-me-tic, kugunda pa phatikizo lachiwiri. Ine supuni kawiri.

Ndinamupatsa lamulo. Mawu a mchira wa -ic amagunda pa phatikizo loyandikana ndi mchirawo. E-LEC-tric. Spe-CI-fic. Ge-o-ME-tric. Ngakhale ma-the-MA-tics, mkulu wake weniweni. Choncho a-rith-ME-tic, pa phatikizo lachitatu. Lamulo loyera, ndinaliloweza chaka chachiwiri, ndikukumbuka ndi tsamba lake lomwe.

Anati ku koleji kunali mphunzitsi wina wachikulire amene ankalitchula momwe iye walitchuliramo. Ndinafunsa ngati ndi yemweyo anamuphunzitsa furakishoni. Anatulutsa foni. Akuti tingoifunsa, imatchula mokweza.

Magazi anandikwera. M'nyumba mwanga, patebulo langa, nditadula mapepala mpaka chala kutuluka thuza. Ndinamuuza kuti ngati foni ndiye mkulu wake, foniyo imuphunzitse, imuphikirenso, akadwala imuperekeze kuchipatala. Sindinalekere pomwepo. Ndinati zaka ziwiri kugwada pamapazi a anthu n'kumawayesa nsapato, lero afuna kundiphunzitsa ine Chingerezi.

Anaika foni chafufumimba patebulo, n'kuikankhira kutali.

"Pepani achemwali. Inu mukanena, ndiye basi."

Analinena kamakumi awiri. A-rith-ME-tic, a-rith-ME-tic. Pomaliza limatuluka lokha. Za nsapato zija sindikanayenera kunena. Ndamuikira shuga wambiri mu tiyi, sanaone.

Lachisanu, 14 Ogasiti

Abwana afunsa kuti sizasi ya shopu ili kuti. Ndati ikupuma.

Mzime akuloweza akusamba. Kudzera m'khoma: e-QUI-va-lent, per-CEN-tage, a-rith-ME-tic, madzi khwaa. Eni nyumba afunsa ngati tayamba mapemphero.

Amayi aimba foni. Akuti ndimugwire dzanja mwanayu, ine ndi amene ndinapita patali. Patali! Ndinafika pakati pa mlatho n'kutsikira m'madzi. Sindinawayankhe choncho. Ndinangoti zikuyenda.

Zikuyendadi. I wa kumapeto uja wafa.

Lolemba, 17 Ogasiti



Masana kunalibe makasitomala, magetsi atazima. Ndinatulutsa dikishonale yanga ya ku yunivesite imene ndimasunga m'dirowa ya pansi, ya chikuto chong'ambika. Ndimafuna kumulembera Mzime mndandanda wa mawu a -ic, aone ndi maso kuti mkulu wake sanena zam'mutu. Ndinayambira ku A. Sindinapite patali.

Arithmetic. Kachizindikiro kali pamaso pa rith. Phatikizo lachiwiri.

Ndinapukuta magalasi. Ndinapita pakhomo pa kuwala. Kali pomwepo. A-RITH-me-tic, momwe ananenera iye, momwe ankanenera mphunzitsi wachikulire uja amene ndinamunyoza osamudziwa.

Kenako anayamba kubwera okha, mmodzimmodzi, ngati achibale pamaliro. A-ra-bic, kugunda koyambirira. PO-li-tics. RHE-to-ric. Mawu amene ine ndemwe ndimawatchula bwino tsiku ndi tsiku, osaona kuti lamulo langa akuliponda. Lamulolo ndi loona, koma lili ndi ana osamvera, asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo ndikukumbuka tsopano kuti anali m'munsi mwa tsamba lija, m'tizilembo ting'onoting'ono. Sindinkawerenga za m'munsi. Ndinkati n'za anthu opanda nzeru zogwira lamulo.

M'dikishonalemo, pansi pa arithmetic, pali mzere wina. Liwu lomweli likamafotokoza liwu linzake limagundadi pa me. Ndinaugwira mzere umenewo ngati munthu womira. Theka la ola ndikudziuza kuti ndiye kuti tonse tinalondola. Ayi. Mu mental arithmetic liwulo ndi dzina la phunziro, silifotokoza kanthu. Iye analondola. Ine ndinalakwa.

Ndimuuza ndikafika.

Ndafika. Anali atandisitira bulawuzi ya mawa, akuimba. Wandilandira pakhomo ndi liwu lomwelo, kugunda pa me, n'kuwerama ngati wa pa siteji. Ndati ndatopa, mutu. Mawa m'mawa.

Lachiwiri, 18 Ogasiti

M'mawa anachoka ndisanatuluke kubafa. Ndinachedwamo dala? Sindikudziwa. Ndikudziwa.

Tsiku lonse kukonza ziganizo m'mutu uku ndikutayipa za eni. Mzime, ndaonanso bwino. Mzime, mabuku amasiyana. Mzime, Chingerezi chasintha. Chilichonse kupatula mawu awiri oyenera.

Ndinafika nditatsimikiza. Ndinapeza achimwene ndi alamu atakhala pa sofa, abwera kudzaonera. Mzime atavala jekete ija, katoni yopanda kanthu ngati bolodi, ife atatu ngati ana. Anaphunzitsa mphindi makumi awiri zathunthu. Dzina pansi, kuwerenga pamwamba, buledi wodula pasanu. Palibe liwu limene linamupunthwitsa. Sindinamuzindikire. Liwu lija analinena katatu, nthawi iliyonse akundiyang'ana kuti ndione.

Achimwene anawomba m'manja. Iwo ndi dalaivala, sayamika munthu, ngakhale pa ukwati wawo sanamwetulire. Anatembenukira kwa ine.

"Iwe unayenera kukhala mphunzitsi. Taona chimene wachita ndi mwanayu m'masabata awiri."

Zaka khumi ndi zisanu ndikudikira chiganizo chimenecho kwa munthu wa m'banja mwathu. Ngakhale alamu anati ayi ndithu, apa pokha aPulofesa agwira ntchito.

Ndikananena bwanji pamenepo, alamu ali pa sofa yanga, mwendo pamwamba pa unzake? Ndinati akachoka. Atachoka Mzime anali wosangalala kwambiri, ndinati ndisamusokoneze mtima. Nthawi zonse pali chifukwa, ndipo chifukwacho chimavala bwino.

Lachitatu, 19 Ogasiti

Ndayesa njira ya wamantha. Ndamuuza kuti liwu lija alisiye, anene kuti mental maths, n'chachidule, ana amachikonda. Anandiyang'ana modabwa. Akuti m'kalata analemba lomwelo, ndipo ndi liwu limene walivutikira kuposa onse, sangalisiye pakhomo. Anafunsa ngati akulitchulabe molakwika.

Apa ndi pamene khomo linanditsegukira. Anandifunsa yekha.

Ndinati ayi, ukulitchula bwino.

Ndadziuza kuti ndi liwu limodzi mwa mazana. Kuti ahedi mwina nawonso sadziwa. Kuti kumusintha lero, kutatsala tsiku limodzi, n'kumuthyola miyendo. Kuti ana a zaka khumi samva kusiyana kwa phatikizo lachiwiri ndi lachitatu.

Nsapato zake ndazipukuta ndekha. Wati ndili ndi mtima wabwino koma ndimaubisa.

Lachinayi, 20 Ogasiti

M'mawa. Ndamuperekeza pokwerera basi. Basi inachedwa, Mulungu anandipatsa mphindi khumi zaulere. Ndinatsegula pakamwa n'kumuuza kuti kolala ya jekete yapindika. Ndinaikonza. Basi inabwera.

Madzulo. Ndinamupeza atakhala pabedi, jekete ikadali m'thupi, nsapato kumapazi. Sanalire. Anafotokoza mwadongosolo, ngati akupereka lipoti.

Analowa, anapereka moni, analemba mutu pa bolodi n'kuunena. Kamtsikana ka pa desiki ya kutsogolo kanakweza dzanja, mwaulemu ndithu, n'kunena kuti aphunzitsi, timati a-RITH-me-tic. Ana ena anayamba kuseka chamumtima.

Akanangoti zikomo mwanawe, n'kupitiriza. Mzime wa kale akanatero. Koma uyu ndi Mzime amene ndinamupanga ine. Anamwetulira, n'kumuuza mwanayo kuti ambiri amalakwitsa choncho. Analemba lamulo pa bolodi. E-lec-tric, spe-ci-fic, ge-o-me-tric. Anagunda bolodi ndi choko pa me. Anauza kalasi yonse inene pambuyo pake, katatu. Ana ananena, ena akuyang'ana kumbuyo kwa ahedi. Kamtsikana kaja sikananene. Kanapinda manja, misozi ikulengeza.

Mphindi zisanu zinathera pamenepo. Za dzina pansi, kuwerenga pamwamba, anazithamangitsa, belu linamupeza buledi asanamalize kudula.

Ahedi anamuitanira mu ofesi, n'kumupatsa madzi. Mayi wofatsa, akuti. Anamuuza kuti masamu ake ndi abwino, ndipo njira ija ya dzina ndi kuwerenga sanaionepo. Anati kutchula liwu molakwika si mlandu, aliyense amatero. Chimene chawadetsa nkhawa n'kuuza mwana wolondola kuti walakwa, pamaso pa anzake, osaima n'kamodzi komwe kuganiza kuti mwina mwanayo akunena zoona.

M'basi Mzime anafunsa foni.

Ndinaima pakhomo la chipinda chake, chikwama chikadali paphewa. Ndimadikira kuti andilalatire, ndinali nditakonzeka. Anavula nsapato imodzi, n'kundiyang'ana.

"Musadandaule, achemwali. Nanunso simunadziwe."

Ndinagwedeza mutu. Kuvomera.

Lamlungu, 23 Ogasiti

Akundisamala ngati wodwala ndine. Dzulo anachapa makatani. Lero wandiuza kuti mawu ena onse aja anamuthandiza, palibe amene anamuseka pa denominator. Akuti lamulo lija ndi labwino, kungoti tinachita tsoka.

Tinachita.

Simunadziwe. Liwu limeneli likundidya mbali ziwiri. Ndikalilandira, ndine mbuli imene alamu amanena. Ndikalikana, ndine chinthu china choipa kuposa mbuli. Ndipo ndadzigwira kangapo ndikumva kuwawa kwa mbali yoyambayo kuposa yachiwiri. Munthu wamtundu wanji ameneyu?

Dikishonale ndaiika pansi pa mapepala a fotokope. Dirowa sindikuitsegula.

Lachisanu, 28 Ogasiti

Yankho labwera. Mizere inayi. Akuthokoza chifukwa cha chidwi chake, atenga wina.

Anandipatsa kuti ndiwerenge. Maso anga, mwa chizolowezi, anayamba kufufuza zolakwika m'kalatamo. Munalibe.

Sitolo ya nsapato atseka mawa. Mwini wake wapatsa wantchito aliyense peyala imodzi ya zotsala. Mzime watenga saizi yanga.

Lamlungu, 30 Ogasiti

Kwa achimwene, chakudya cha masana. Amati timusangalatse Mzime. Ndikanadwala.

Poyamba zinali bwino. Mpunga, nkhuku, achimwene akusimba za bwana wawo amene amaopa agalu. Kenako alamu anayamba, mwa njira yawo ija, mawu ofewa, mpeni m'munsi. Akuti Mzime asadziimbe mlandu, wolakwa ndi amene anamutsogolera. Akuti iwo anafunsa dokotala wina kuntchito, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi, poti liwu limenelo ngakhale mwana wake wa zaka zisanu ndi ziwiri amalidziwa. Mzime anati alamu, zisiyeni, zinatha. Achimwene anati tidye.

Sanasiye. Ananditembenukira, fupa m'manja.

"Zaka zitatu ku yunivesite, aPulofesa, liwu la ana a pulayimale osalidziwa? N'chifukwa chake anakubwezani."

Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangomva mawu anga, okwera, omveka bwino, phatikizo lililonse pamalo pake. Ndinati ndinkalidziwa. Ndinati musandiyese mbuli inu, ndinaliona ndekha m'dikishonale pa 17, Lolemba, intavyu isanachitike, ndi mawu ena onse osatsata lamulolo, ndingakutchulireni pompano, kuyambira Arabic.

Ndinatchuladi awiri. Ndisanafike pa lachitatu ndinamva kuti m'nyumba mwati zii.

Achimwene anaika foloko pansi pang'onopang'ono. Mzime sanandiyang'ane. Anayang'ana dzanja lake, n'kupinda zala chimodzichimodzi.

"Lolemba. Lachiwiri. Lachitatu." Anaima. "Lachitatu lija ndinakufunsani."

Anasonkhanitsa mbale, ndi yanga yomwe ndisanamalize, n'kupita nazo kukhitchini. Tinamva madzi akutuluka nthawi yaitali.

Pobwerera tinakwera basi imodzi. Mpando wa pafupi nane unali wopanda munthu. Anaimirira njira yonse.

Lachitatu, 2 Seputembala

Masiku atatu. Moni amapereka. Mwadzuka bwanji achemwali, mwaswera bwanji achemwali. Ulemu wonse, ngati kwa mlendo wa eni nyumba. Akuphika, akusesa, tiyi wanga akundiikira pamalo pake. Kuimba kubafa kunatha.

Amayi sanaimbe. Ndiye kuti auzidwa.

Lero ndinabwerako msanga. Ndinamupeza akupinda zovala pabedi. Ndinali nditakonza mawu awiri okha, ndawanena njira yonse kuchokera ku shopu. Nditatsegula pakamwa ndinadzimva ndikufotokoza kuti mawu ena a -ic analowa m'Chingerezi kalekale kudzera m'zinenero zina, n'chifukwa chake amagunda mosiyana, ndipo aliyense akhoza kusokonezeka.

Anandisiya ndimalize. Anapinda siketi, n'kuiika pa zinzake.

"Za Chingerezi zija tinamaliza, achemwali."

Pamenepo ndiye ndinati pepani, ndinalakwa. Mawuwo anatuluka mochedwa, ang'onoang'ono, ngati ndalankhulira m'chikho. Anati wamva. Anafunsa chinthu chimodzi: pokwerera basi paja, pamene ndinkakonza kolala, ndinkaganiza chiyani? Ndinafufuza yankho loti ndingalinene ndili chiimire. Silinapezeke. Anadikira ndithu, Mzime amadikira. Kenako anapitiriza kupinda.

Ndalembera ahedi aja kalata. Kuti wolakwa ndine, kuti mwanayu ananena zolondola poyamba ndipo ine ndinamukhotetsa. Masamba awiri, Chingerezi chosalala, chopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Ndaiwerenga kawiri. Ikukamba za ine kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndipo malowo anapatsa kale wina.

Loweruka, 5 Seputembala

Theka la tsiku ku shopu. Kalata zitatu, fotokope ya ziphaso, mayi wina wofuna chikwangwani cha lendi. Pobwera ndinagula buledi wa mphesa zouma, amene Mzime amamukonda.

Achimwene anabwera ndi galimoto cha m'ma teni, ine kulibe. Ananyamula Mzime, matiresi, chikwama, mabuku a masamu. Bedi lasesedwa pansi pake.

Kiyi wasiya kwa eni nyumba.